Nsima ndi Ndiwo pa Malonda: Mbiri ya Malo Odyera mu Lusaka

Pamene boma la atsamunda la Northern Rhodesia linasamutsa likulu lake kuchoka ku Livingstone kupita ku Lusaka mu 1935, mzindawu unagawidwa motsatira khungu, ndipo kadyedwe ka anthu kanatsatiranso malire omwewo. Ku Kabwata kunamangidwa tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ta amuna aganyu omwe mabanja awo ankatsala kumudzi, pomwe madera a mayadi monga Woodlands ndi Kabulonga, amene anakula pambuyo pake, anali a azungu. M'mayadimo ntchito yophika inali ya amuna otchedwa akhukhi, omwe anaphunzira kuphika buledi ndi kuwotcha nyama mu uvuni, koma nsima yawo ankaiphikira kuseri, ku nyumba ya antchito, chifukwa sinkawerengedwa ngati chakudya choyenera kufika patebulo la bwana.

Tsankholi linkaonekeranso pa malonda, popeza m'mabutchala ndi m'masitolo ambiri munthu wakuda sankaloledwa kulowa, koma ankagulira pa kazenera ka m'mbali, n'kulandira nyama yokulungidwa kale imene sanaisankhe yekha. Chipani cha African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula, chinalimbikitsa anthu kunyanyala mabutchala otere m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1960 panakhazikitsidwa lamulo loletsa kusankhana mitundu m'malo odyera. Komabe, ngakhale dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, mahotela akuluakulu monga Ridgeway anapitiriza kuphika zachizungu, kotero kuti chakudya cha pakhomo chinatsalira m'manja mwa amayi ogulitsa m'misika ndi m'malo okwerera mabasi.

Amayi amenewa ndiwo anasunga ntchito yophika chakudya cha pakhomo, ndipo kaphikidwe kawo kakuonekabe pa Intercity, depoti yaikulu ya mabasi ya mumsewu wa Dedan Kimathi, pomwe apaulendo opita ku Chipata, Kitwe, Lilongwe kapena Johannesburg amadya asanakwere. Wogula amathiriridwa madzi m'manja pa beseni, amaloza yekha ndiwo m'mapoto ovundukulidwa, kaya ndi kapenta, nkhuku yakumudzi kapena chibwabwa, amene ndi masamba a maungu odziwika ku Malawi ndi dzina loti nkhwani, ndipo mitanda ya nsima imaomoledwa iye akuona. Malo otere ambiri amatchedwa matebeto, potengera mwambo wa Abemba womwe akuchikazi amaphikira mkamwini zakudya zamitundumitundu, ndipo otchuka kwambiri ali ku Thornpark, kumene ngakhale ogwira ntchito m'maofesi amakadyera masana.

Mmodzi mwa anthu amene anakweza malondawa kuchoka pa msika ndi Sylvia Banda, yemwe ankagwira ntchito m'boma asanatsegule malo ake oyamba odyera mu Lusaka m'zaka za m'ma 1980. Malowo anali kachipinda kamodzi kopanda mipando ndi matebulo, moti ogula oyambirira anadya ataimirira, koma kuchokera pamenepo panabadwa kampani ya Sylva Catering, yophikira mabungwe ndi misonkhano, komanso sukulu yophunzitsa zophikaphika. Mu 2005 iye ndi mwamuna wake, Hector Banda, anakhazikitsa Sylva Food Solutions, imene imaphunzitsa alimi ang'onoang'ono kufutsa ndiwo, kutanthauza kuziumitsa kuti zisungike mpaka chilimwe. Mfutso ndi luso lakale, koma m'malo moyanika masamba pamphasa, pomwe fumbi ndi nkhuku zimafika, alimiwo amagwiritsa ntchito zoumitsira zotsekedwa zoyendera kutentha kwa dzuwa, ndipo ndiwo zotere zimatha kupakidwa n'kugulitsidwa m'masitolo. Sylvia ndi Hector analembanso buku la maphikidwe lotchedwa Zambian Cookbook.

Njira yotereyi yayendedwaponso kwina. Lidia Bastianich, amene anabadwira ku Pula mu 1947, anathawa ndi makolo ake ku Yugoslavia, nakhala zaka ziwiri mu msasa wa othawa kwawo ku Trieste asanafike ku New York mu 1958. Anatsegula malo odyera a Buonavia ku Queens mu 1971 ndi Felidia ku Manhattan mu 1981, ndipo buku lake la mu 2001, Lidia's Italian-American Kitchen, linafotokoza mmene Ataliyana osamukira ku America anasinthira maphikidwe a kwawo malinga ndi zomwe ankazipeza m'misika ya kumeneko. Amayi onse awiriwa anayamba ndi kuphikira ogula, kenaka n'kulemba zimene poyamba zinkangophunziridwa poonerera mayi kapena agogo pa mafuwa.

Kulemba maphikidwe a pakhomo kuli ndi vuto lakelake, chifukwa wophika wozolowera sayeza ndi sikelo kapena wotchi. Amadziwa kuti phala lapsa poona mmene likuthaphwira, amamva kulimba kwa nsima pa mthiko, ndipo nsinjiro za ndiwo zotendera, zomwe mu Lusaka ambiri amazitcha ifisashi, amazithira ndi dzanja. Buku limakakamiza wolemba kusandutsa zonsezi kukhala makapu, masupuni ndi mphindi, zomwe zimachepetsako ufulu wa wophika, koma zimathandiza kuti mwana wokulira ku Chelstone, kutali ndi agogo ake a ku Petauke kapena ku Katete, athe kuphika chikanda kapena therere popanda womuyang'anira.

Kufunika kosunga zakudya zamakolo kunakula boma la Frederick Chiluba litatsegula chuma kuyambira mu 1991, pamene Shoprite inafika mu 1995, msika wamakono wa Manda Hill n'kutsegulidwa mu 1999, ndipo tchipisi, nkhuku yokazinga ndi pizza zinafala pakati pa achinyamata. Pa mpikisano umenewu nsima siinagonje, popeza idakali chakudya cha tsiku ndi tsiku m'mabanja ambiri a mumzindawu. Zomwe zinali pangozi ndi ndiwo zamakolo monga bonongwe, kholowa ndi impwa, zimene mlimi amaleka kulima ngati mumzinda mulibe wozigula. N'chifukwa chake mbiri ya ntchitoyi mu Lusaka imagwirizanitsa anthu atatu omwe amadalirana, mlimi wofutsa ndiwo, mayi wophikira ogula ndi wolemba maphikidwe, ndipo mmodzi akafooka enawo nawonso amataya msika.