Mau Amene Adagwetsa Ron Atkinson

Usiku wa pa 20 Epulo chaka cha 2004 timu ya Chelsea ya ku Mangalande idagonja ndi zigoli 3 kwa 1 pamaso pa Monaco mu mpikisano wa Champions League. Mmodzi mwa anthu ofotokoza masewerowo pa wailesi yakanema ya ITV adali Ron Atkinson, mkulu amene adaphunzitsapo Manchester United kuyambira 1981 kufikira 1986.

Mpira utatha, Atkinson adayesa kuti makina olankhulira azimitsidwa. Tsono adayamba kudzudzula Marcel Desailly, mtsogoleri wa osewera a Chelsea. Adamutcha waulesi ndi wopusa, naonjezapo liu lija lachipongwe limene azungu ankatchulira anthu akuda m'masiku a ukapolo. Ku Mangalande anthu sadamve kanthu, pakuti kumeneko kuulutsa kudali kutatha. Koma m'maiko ena a Aluya makina adali chitsegukire, ndipo mauwo adalowa m'nyumba za anthu. M'mawa mwake Atkinson adapepesa natula pansi ntchito yake ku ITV. Danga lake m'nyuzipepala ya The Guardian lidatheranso pomwepo.

Munthu wonyozedwayo sadali wamba. Desailly adabadwira ku Accra m'dziko la Ghana m'chaka cha 1968, ndipo adali m'timu ya France imene idatenga chikho cha dziko lonse mu 1998 ndi cha ku Ulaya mu 2000. Ulemu wonsewo sudamtchinjirize ku liu limodzi lonena za khungu lake.

Chimene chidazunguza anthu koposa ndi mbiri ya Atkinson mwiniwake. M'chaka cha 1978, ali mphunzitsi wa West Bromwich Albion, iye ankaseweretsa anyamata akuda atatu pamodzi: Laurie Cunningham, Cyrille Regis ndi Brendon Batson. Masiku amenewo zotere zidali zosowa, ndipo oonerera ankawaponyera nthochi ndi kuwalirira ngati anyani. Atkinson sadawachotse. Pa 30 Disembala chaka chomwecho timu yakeyo idathyola Manchester United ndi zigoli 5 kwa 3 pabwalo la Old Trafford.

Chifukwa cha mbiri imeneyi, ena mwa osewera akuda amene iye adawaphunzitsa adamuikira kumbuyo, nati adawachitira zabwino. Ena adati makina sadapange liulo ai. Adangoulula chimene chidali kale pakamwa pake. Mbali zonse ziŵiri zidanena zoona. Munthu angathe kukweza mnzake pantchito, koma mumtima ali chisungire mau omuchepetsa amene adakula nawo.

Nchifukwa chake mlandu wa Atkinson sudali wa kuiŵala kuzimitsa makina. Woulutsa mau amaloŵa m'nyumba za anthu a mitundu yonse, ndipo amamulandira chifukwa chomukhulupirira. Akangomva mmene amawatchulira iwo kulibe, chikhulupiriro chija chimatha, ndipo akuluakulu adanena kale kuti madzi akatayika saoleka. Atkinson adaonekanso pa wailesi yakanema m'zaka zotsatira, koma mpando wake wa ku ITV, umene adaukhalira usiku uja ku Monaco, sadaubwererenso.