Uthenga Uzitsogola, Sitima Izitsatira

Ndinakulira pafupi ndi siteshoni ya Golomoti, m'chigwa chotentha chomwe chili pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja. Kwa ife ana a m'zaka za m'ma 1980, kulira kwa sitima ndiye kunali wotchi yathu. Ikangolira chapatali, amayi ankasenza malichero a nthochi, nzimbe ndi chimanga chowotcha n'kuthamangira kusiteshoni. Ife anyamata tinkapita pamapolo a lamya omwe anandanda m'mbali mwa njanji, n'kugunditsa khutu pamenepo kuti timve mawaya akung'ung'udza. Tinkanamizana kuti tikumva mabwana a ku Limbe akukambirana za malipiro.

Agogo anga aamuna, omwe anali kapitawo wa gulu lokonza njanji asanapume pantchito, atandipeza tsiku lina ndili chigunditsire khutu, anaseka n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, wayayu usamuone kuchepa. Panjanji chimene chimatsogola ndi uthenga, sitima imabwera pambuyo. Tsiku limene sitima idzatsogole uthenga, kumudzi kudzakhala maliro." Ndinangoyankha kuti "Wawa agogo" osamvetsa kanthu. Lero ndine wogwira ntchito m'boma, imvi zayamba kutuluka, ndipo nditawerenga mbiri ya mawailesi ndazindikira kuti akatswiri a kunja akhala akulimbana ndi nkhani yomweyi ya agogo kwa zaka zoposa zana limodzi.

Tiyambe ndi njanji yathu. Njanji yoyamba m'dziko muno, yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Chigawo chakumpoto, chodutsa ku Balaka, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka mpaka ku Salima, chinatha m'chaka cha 1935, chaka chomwechonso chimene mlatho wa Dona Ana pamtsinje wa Zambezi unatsegulidwa. Njanji ya ku Nacala inalumikizidwa pa Nkaya mu 1970, ndipo yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, ndi thandizo la dziko la Canada.

Njanji yathuyi ndi ya mzere umodzi. Sitima yochokera ku Balaka ndi yochokera ku Salima zimaponda zitsulo zomwezo, ndipo zingapatukirane pokhapokha pamalo pomwe pali njanji yachiwiri yapambali. Komanso sitima si galimoto. Yolemedwa ndi katundu imatha mtunda wautali dalaivala atamanga kale mabuleki, kotero kuti akaona choopsa ndi maso ake, kawirikawiri amakhala atachedwa. Pachifukwa ichi lamulo la njanji zotere padziko lonse ndi lakuti sitima isanyamuke pasiteshoni mpaka mawu atabwera otsimikiza kuti njira ya kutsogolo ilibe sitima ina. Ntchito ya mawaya omwe tinkamvera aja inali imeneyi.

Waya wa uthenga anayamba kufika m'dziko muno njanji isanabwere. M'zaka za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes yotchedwa African Transcontinental Telegraph inakoka waya kudutsa ku Blantyre ndi Zomba, kenako m'mbali mwa nyanja kudzera ku Nkhotakota mpaka ku Karonga. Asanabwere wayayo, kalata inkayenda ndi miyendo ya munthu. Uthenga umene unkatenga masabata unayamba kutenga mphindi. Koma wayayo anali ndi chilema chimodzi chachikulu, ndipo agogo anachiona ndi maso awo.

Ankakonda kusimba za usiku wina wa dzinja, mvula itagwa kumapiri tsiku lonse ngakhale kuti kuchigwa kunkangowaza. Aliyense wa kwathu amadziwa khalidwe la mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza, monga Livulezi ndi Nadzipulu. Kumwamba kukhoza kukhala nyenyezi, koma madzi n'kufika mwadzidzidzi atanyamula mitengo ndi miyala. Agogo poyendera chigawo chawo ndi nyali anapeza kuti madzi akokolola dothi pansi pa njanji pafupi ndi kalavati wina, zitsulo zangolenjekeka m'malere. Madzi omwewo anali atagwetsanso polo ya lamya n'kudula waya. Panalibe njira yodziwitsira siteshoni. Anatuma mnzawo mmodzi kuti athamangire mbali ina ndi nyali yofiira, iwo nathamangira mbali inayo, mumdima ndi m'matope, mpaka anakafika pasiteshoni sitima ya katundu ili pafupi kunyamuka. Ankamaliza nkhaniyo akusisita maondo awo n'kumati, "Tsiku limenelo lamya inali miyendo yangayi."

Chilema cha waya n'chakuti ali ndi njira imodzi yokha. Akaduka pamalo amodzi, uthenga wonse wafa, ndipo amakonda kuduka nthawi yomwe akufunika kwambiri, pakuti chigumula chimene chawononga njanji ndi chomwechonso chimagwetsa mapolo. N'chifukwa chake anthu anayamba kufunafuna uthenga woyenda mumlengalenga. Mu Disembala 1901, Guglielmo Marconi analengeza kuti walandira ku Newfoundland chizindikiro cha wailesi chochokera ku Poldhu ku England, kutsidya lina la nyanja ya Atlantic. Chaka chotsatira, mu 1902, ndi pamene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni ya Mua. Mbiri ya wailesi ndi ya mishoni yathu ndi zausinkhu umodzi.

Koma nayo wailesi inabwera ndi vuto lake. Akuluakulu omwe ankamvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, yomwe inkaulutsanso m'Chinyanja, pakawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special komwe kanatuluka mu 1949, amakumbukira mmene mawu ankabwerera n'kumazilala, n'kubweranso. Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa munthu wa kunyanja. Mafunde awiri akakumana panyanja, nthawi zina amaphatikizana n'kukhala funde lalikulu, nthawi zina amaphana madzi n'kukhala bata. Mafunde a wailesi nawo amatero. Amachoka pamalo amodzi koma amafika kwa womvera kudzera m'njira zingapo: ena molunjika, ena atagunda phiri, ena atagunda denga la malata kapena thambo la kumwamba. Akafika mosemphana amazimitsana.

M'zaka za m'ma 1920, akatswiri awiri a kampani ya RCA ku America, Harold Beverage ndi Harold Peterson, anapeza kuti maeriyo awiri oikidwa motalikirana sazilala nthawi imodzi. Wina akafooka, mnzake amakhala akumva bwino. Choncho anayamba kulumikiza maeriyo angapo kuti wailesi izitenga mawu kwa amene akumva bwino panthawiyo. Makolo athu ananena kale kuti mutu umodzi susenza denga. Apa nzeru inali yakuti eriyo mmodzi asasenze uthenga yekha.

Kwa zaka zambiri mafunde obwerera kuchokera m'mapiri ndi m'makoma ankaonedwabe ngati mdani woyenera kumuzemba. Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Mu 1994, Arogyaswami Paulraj, katswiri wochokera ku India, pamodzi ndi Thomas Kailath, pa yunivesite ya Stanford, analandira chiphaso cha umwini wa njira yogawa uthenga m'zigawo n'kuzitumiza nthawi imodzi kudzera m'maeriyo angapo. Mu 1996, Gerard Foschini wa ku Bell Labs anaonetsa kuti ngati kotumiza ndi kolandira kuli maeriyo ambiri, kuchuluka kwa uthenga wodutsa kumakwera molingana ndi chiwerengero cha maeriyowo, popanda kuwonjezera mphamvu ya magetsi. Chodabwitsa n'chakuti njirayi imagwira bwino ntchito pamalo pomwe mafunde akugundagunda zinthu zambiri, chifukwa kugundako ndiko kumapatsa chigawo chilichonse njira yakeyake, ndipo makina olandira amatha kuzisiyanitsa monga mayi amazindikirira mawu a mwana wake pamsika. Mu 1998, Siavash Alamouti anatulutsa njira yosavuta yogwiritsa ntchito maeriyo awiri otumizira, ndipo mu 2010 Thomas Marzetta anapereka ganizo loika maeriyo ochuluka zedi pansanja imodzi kuti iziloza mafunde kwa munthu aliyense payekha. Luso lonseli limatchedwa MIMO, ndipo ndilo lili m'kati mwa netiweki za 4G ndi 5G.

Kwathu kuno foni za m'manja zinayamba ndi kampani ya TNM, yomwe inakhazikitsidwa mu 1995, kenako Celtel mu 1999, yomwe inadzakhala Zain ndipo pambuyo pake Airtel mu 2010. Ndimakumbukira zaka zoyambirira zija mmene anthu a kwathu ankakwerera pachulu kapena kuimika mkono m'mwamba kuti apeze netiweki. Tinkaseka, koma ankachita zanzeru. Funde la foni za masiku amenewo ndi lotalika pafupifupi masentimita 33 okha, kotero kusuntha pang'ono chabe kumatha kukuchotsa pamalo pomwe mafunde akuphana n'kukuika pomwe akuthandizana. TNM inayambitsa 4G mu 2016, Airtel mu 2018, ndipo mu 2023 TNM inayamba kuyesa 5G. Mayi wogulitsa mpunga wa ku Bwanje amene lero akulandira ndalama pafoni yake ya 4G ali ndi timaeriyo tingapo m'dzanja lake, ngakhale sanamvepo za Paulraj.

Nanga njanji? Kumeneko vuto ndi lalikulu kuposa la munthu woima pachulu. Sitima imathamanga, choncho imadutsa malo omveka bwino ndi ozilala kambirimbiri pamphindi imodzi. Imalowa m'makwawa ndi m'malo ogobedwa m'phiri. Imachoka m'dera la nsanja ina kulowa m'dera la inzake, ndipo posinthanapo uthenga suyenera kuduka. Mayiko a ku Ulaya anagwirizana zokhala ndi netiweki yapadera ya njanji yotchedwa GSM-R, yomwe inayamba kufalikira cha m'ma 2000. Inakonzedwa kuti izigwira ntchito ngakhale sitima ikuthamanga makilomita 500 pa ola, ndipo ili ndi batani lomwe dalaivala akalidina, madalaivala onse a m'deralo pamodzi ndi woyang'anira kayendedwe ka sitima amamva chenjezo nthawi yomweyo. Nditawerenga za batani limeneli ndinakumbukira maondo a agogo. Dziko la South Korea linatsegula mu 2017 njanji ya pakati pa Wonju ndi Gangneung yogwiritsa ntchito LTE-R, yochokera ku 4G, ndipo bungwe la njanji za padziko lonse la UIC likukonza njira yatsopano yotchedwa FRMCS, yomangidwa pa 5G, kuti idzalowe m'malo mwa GSM-R yomwe yakalamba.

Wina akhoza kunena kuti izi n'za mayiko olemera, sitima zathu zimayenda pang'onopang'ono. N'zoona kuti liwiro lathu n'lochepa, koma madzi athu ndi aukali. Mu 2003 mlatho wa njanji pamtsinje wa Rivirivi pafupi ndi Balaka unakokoloka, ndipo njanji ya kumpoto inakhala yoduka mpaka 2005. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta a galimoto kuchokera ku Nacala inafika ku Lilongwe patapita zaka 21, ndipo njira yake ndi yomweyi ya Golomoti ndi Mtakataka, pakati pa midzi, misika, ng'ombe ndi ana a sukulu. Matanki a petulo akamadutsa pakhomo pako, funso lakuti uthenga ufika msanga bwanji kwa dalaivala limasiya kukhala la akatswiri okha.

Komanso tisaganize kuti kafukufuku wa mafunde a wailesi ndi wosatheka kwa Amalawi. Mu 2013, gulu la ku Chancellor College ku Zomba lotsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, mogwirizana ndi bungwe la MACRA ndiponso likulu la sayansi la ICTP la ku Trieste ku Italy, linayesa kutumiza intaneti kudzera m'mipata ya mafunde a wailesi yakanema yomwe sinkagwiritsidwa ntchito. Sukulu ya sekondale ya atsikana ya St Mary's ndi chipatala cha Pirimiti zinali m'gulu la malo omwe analumikizidwa. Ngati zinatheka pansi pa phiri la Zomba, ndikuona kuti ophunzira athu angathenso kubwera ndi zipangizo zawo kuchigwa kuno, n'kuyeza mmene mafunde amayendera pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja, kilomita ndi kilomita motsatira njanji, kuti tidziwe pomwe uthenga umafa. Mapiri amene amatitsekereza ndi omwewo amene luso la maeriyo ambiri limawasandutsa othandiza, koma munthu ayenera kuyamba wawayeza.

Ntchito yanga imanditsitsa kawirikawiri kuchokera ku boma la Dedza kudzera mumsewu wokhotakhota wa Khwekhwerere. M'makona ena foni imangoti zii, n'kudzadzuka tikamayandikira Golomoti, pomwe kuyambira 2022 pali munda waukulu wa magetsi a dzuwa wotulutsa mamegawati 20. Ulendo wina ndinapatukira kusiteshoni. Mawaya omwe tinkamvera aja sindinawaonenso. Ndinapeza mnyamata akuweta mbuzi m'mbali mwa njanji, foni ili m'thumba la malaya, ndipo ndinamufunsa kuti atapeza njanji yakokoloka angaimbire yani. Anaganiza kwakanthawi, kenako anati, "Bambo, nambala yake sindiidziwa. Ndikhoza kungothamangira kusiteshoni."