Cholembera cha Jacob Wainwright

Kulemba kunalowa m'dera lathu lino kudzera m'njira zomwe akapolo ankatulukira. Apwitikizi a ku Tete anali ndi makalata awo, Jumbe wa ku Nkhotakota ankalemberana ndi a ku Zanzibar m'zilembo za Chiarabu, koma munthu wogulitsidwa ankalowa m'kaundula ngati nambala chabe, pambali pa minyanga ya njovu. Eni akapolo ankachiopa cholembera. Ku South Carolina, lamulo la 1740 linkalipiritsa chindapusa aliyense wophunzitsa kapolo kulemba.

Chaka chimene chimandigwira mtima ndi 1873. Jacob Wainwright anagwidwa ukapolo ali mwana, Angerezi n'kumuwombola panyanja, n'kukamusiya pasukulu ya mishoni ku Nasik, ku India. Mu 1872 anali m'gulu lomwe mtolankhani Stanley anatumiza kwa David Livingstone. Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu Meyi 1873, mzungu wina panalibe. Susi ndi Chuma, antchito a Livingstone, ndiwo ankatsogolera gululo, koma mlembi anali Wainwright. Pamaso pa anzake analemba mndandanda wa katundu yense wa malemu, kuti pasadzapezeke wowanamizira kuba. Ndiye anawerenga mapemphero pokwirira mtima wa malemuyo, ndiyenso anazokota dzina ndi chaka pamtengo wa mpundu. Ulendo wonyamula thupi kukafika ku Bagamoyo anaulemba m'buku lake, ndipo mu Epulo 1874 ananyamula nawo bokosi la maliro ku Westminster Abbey.

Amishoni ndimawayamika potsegula sukulu, ngakhale kuti sukulu yomweyo inamuvula Wainwright dzina lobadwa nalo n'kumuveka lachingerezi. Koma ulemu waukulu ndimaupereka kwa mnyamatayu. Anazindikira kuti mawu a munthu wakuda sakanamveka kwa azungu a kugombe popanda pepala, choncho anateteza gulu lonse ndi cholembera.

Ukapolo unatha, kumana anthu maphunziro kunatsala. Sekondale ya Munali inatsegulidwa mu 1939, ndipo pofika 1964 Zambia yonse inali ndi anthu pafupifupi 100 okha a digiri. Lero ana a ku Kabwata ndi ku Chelstone akamapita ku Lusaka National Museum amadutsa pa Freedom Statue, pamsewu wa Independence Avenue, n'kuona munthu akudula maunyolo. Ndimalakalaka ataonanso zilembo za Wainwright, koma chigawo cha mpundu uja anachidula mu 1899 n'kupita nacho ku London.