Graceland: chimbale chimene chinadzutsa Paul Simon n'kugawanitsa omvera

Sabata ino tipumuleko pa ndakatulo ndi nthano, tikambe mbiri ya chimbale chimodzi cha nyimbo. Ambiri mwa inu mutachimva mungachizindikire ngakhale dzina lake simulidziwa. Ndi chija cha mzungu wa mawu ofatsa, pambuyo pake pakulira magitala a ku Soweto ndi mawu a madoda a Ladysmith Black Mambazo. Dzina lake ndi Graceland, mwini wake Paul Simon wa ku America, ndipo chinatuluka mu Ogasiti 1986. Anthu anachikonda kwambiri, anakangananso nacho kwambiri, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero.

Pofika 1984 Simon zinali zitamuthina. Uyu ndi munthu amene m'zaka za m'ma 1960 anagwedeza dziko akuimba ndi mnzake Art Garfunkel, mpaka pamene awiriwa anasiyana mu 1970. Atayamba kuimba yekha zinamuyenderabe bwino kwa zaka zingapo. Koma filimu imene anapanga mu 1980 sinakope anthu, ndipo chimbale chake cha 1983, Hearts and Bones, chinagona m'masitolo. Banja lake ndi Carrie Fisher, katswiri wa mafilimu a Star Wars uja, linatha chisanathe n'chaka chomwe. Achinyamata anali atatembenukira kwa Michael Jackson, Prince ndi Madonna. Simon, wa zaka zopitirira 40, ankaoneka ngati wa dzana.

Ndi nthawi imeneyi pamene woimba mnzake anamubwereka kaseti ya nyimbo za mbaqanga, zija zovinidwa m'makomboni a anthu akuda ku Joni. Anaimvera masiku ambirimbiri mpaka inamulowa m'magazi. Atafufuza kuti oimbawo ndi ndani, mu Febuluwale 1985 anakwera ndege kupita ku Johannesburg pamodzi ndi Roy Halee, katswiri wake wojambula nyimbo, nakhala m'situdiyo pafupifupi masabata awiri.

Vuto linagona apa. Mu Disembala 1980 bungwe la United Nations linali litapempha oimba, olemba ndi aluso onse a pa dziko lapansi kuti anyanyale South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho wa apartheid. Chipani cha ANC ndi amene ankachithandiza kunja ankafuna kuti boma la azungulo lisalidwe paliponse, pa malonda, pa masewera ndi pa zoimba pomwe. Oimba amene ankakasangalatsa anthu ku hotela ya Sun City chifukwa cha ndalama zambiri ankalembedwa m'kaundula wa ophwanya chiletsocho. Simon ankazidziwa zonsezi. Harry Belafonte, mkulu woimba amenenso anali womenyera ufulu, anamulangiza kuti ayambe walankhula ndi a ANC. Iye sanatero. Maganizo ake anali akuti woimba sapempha chilolezo kwa andale, kaya ndi a boma kaya ndi otsutsa boma. Ankanenanso kuti sanakaimbire khamu la anthu kumeneko, anangokajambula nyimbo ndi oimba akuda, ndipo anawalipira kuwirikiza katatu malipiro a oimba a m'situdiyo za ku New York.

Tisanamuloze chala mzunguyu, ife Amalawi tikumbukire pamene tinaima m'zaka zimenezo. Kuyambira 1967 boma la a Kamuzu Banda linali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria pamene maiko ena a mu Africa ankakana, ndipo ngongole yomangira likulu ku Lilongwe inachokera komweko. Nkhani ya kusala kapena kusasala South Africa ikutikhudza nafenso.

Nanga ankaimba naye ndani m'situdiyomo? Munali Forere Motloheloa wa ku Lesotho, amene akodiyoni yake ndi imene imatsegula chimbale chonse. Munali General M.D. Shirinda ndi amayi a Gaza Sisters, oimba za Chishangani. Munali mnyamata Bakithi Kumalo wa gitala ya besi, amene kakuthamanga kake ka zala m'nyimbo ya You Can Call Me Al kamazunguza oimba besi mpaka pano. Chinsinsi chake n'chakuti iye anaimba theka loyamba lokha, theka lachiwiri ndi lomwelo atalitembenuza cham'mbuyo pa tepi. Ladysmith Black Mambazo ya Joseph Shabalala inajambula mbali zake pambuyo pake, ku London ndi ku New York. Ndipo munali Ray Phiri, mtsogoleri wa bandi ya Stimela. Dzinalo lisakudabwitseni. Raymond Chikapa Phiri anabadwa mu 1947 kufupi ndi Nelspruit, nakulira m'manja mwa bambo wochokera kuno ku Malawi, amenenso ankaimba gitala.

Chimbale chitatuluka, omvera a ku America ndi ku Ulaya anachilandira ndi manja awiri. Ku Britain chinafika pa nambala 1, mu 1987 chinapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana zonse, ndipo chagulidwa mamiliyoni opitirira 10. Kwa ambiri a iwo aka kanali koyamba kumva kuti anthu akuda a ku South Africa, amene ankangowaona pa kanema akuthamangitsidwa ndi apolisi ndi agalu, alinso ndi nyimbo zachisangalalo zoluka mwaluso chotere. Amene ankati Simon watha anameza mawu awo.

Koma ena anachimva ndi khutu lina. Ku London gulu la Artists Against Apartheid, limene Dali Tambo, mwana wa mtsogoleri wa ANC Oliver Tambo, anayambitsa pamodzi ndi woimba Jerry Dammers, linamudzudzula poyera, ndipo atabwera kudzaimba ku Royal Albert Hall mu Epulo 1987 anthu anaima panja ndi zikwangwani. Mfundo yawo inali yakuti chiletso chimagwira ntchito pokhapokha aliyense atachimvera. Mmodzi akaboola mpanda chifukwa choti ali ndi mtima wabwino, mawa wa mtima woipa adzadzera pomwepo. Ku yunivesite ya Howard ku Washington, ophunzira akuda anamupanikiza ndi mafunso pamaso, ena n'kumunena kuti waba nyimbo za eni ake. Jonas Gwangwa, woimba wa ku South Africa amene anali kunja ndi ANC, anadandaula kuti zatengeranso mzungu kuti dziko lizindikire nyimbo za anthu a kwawo. Chinawonjezera mkwiyo n'chakuti Simon anaitana Linda Ronstadt, amene anali ataimbapo ku Sun City mu 1983, kuti aimbe naye nyimbo imodzi m'chimbalemo. Pamenepo ngakhale ine ndimati anachita kuputa dala.

Panalinso dandaulo la mawu a nyimbozo. Chimbale chinatuluka miyezi iwiri boma la P.W. Botha litalengeza malamulo okhwima a nthawi ya chipwirikiti m'dziko lonse, anthu zikwizikwi ali m'ndende popanda mlandu. Koma mukamvetsera, simupezamo nyimbo yotchula apartheid kapena a Nelson Mandela. Nyimbo imene inapatsa chimbale dzina ikukamba za bambo amene banja lamuthera, ali pa ulendo ndi mwana wake kupita ku Memphis kukaona nyumba ya malemu Elvis Presley yotchedwa Graceland. Otsutsa ankati munthu walowa m'mudzi muli maliro, wabwereka ng'oma, n'kukaimbira mavuto a m'nyumba mwake. Simon ankayankha kuti si iye woyenera kuwalembera anthu a ku South Africa nyimbo za nkhondo yawo. Apa ine ndimamumvetsa. Akanalemba zoterozo m'masabata awiri okhala m'hotela, zikanatuluka zabodza, ndipo oimba amene anatsala ku Soweto ndi amene akanagogoderedwa ndi apolisi usiku, osati iye.

Tsono chimene chimasokoneza nkhaniyi, mpaka munthu osadziwa poima, n'chakuti ena mwa amene anamuikira kumbuyo anali anthu oti simungawaphunzitse za apartheid. Mayi Miriam Makeba anali atakanizidwa kubwerera kwawo kuyambira 1960, osaloledwa ngakhale kukaika maliro a mayi awo. Hugh Masekela naye anali kunja kuyambira chaka chomwecho. Onse awiri analowa nawo pa ulendo woimba nyimbo za Graceland m'maiko osiyanasiyana. Masekela ankati chiletsocho chikupweteka oimba akuda omwewo amene chimati chikuwamenyera nkhondo, popeza chikuwatsekera m'khola limene boma linawatsekera kale. Ray Phiri anafotokozapo kuti ali ku London anaitanidwa ndi a ANC n'kuuzidwa kuti abwerere kwawo, ndipo iye anawafunsa ngati n'chilungamo kulanga kachiwiri munthu amene tsankho likumulanga kale. Funso limenelo, abale, silophweka kuliyankha.

Mu Febuluwale 1987 ulendowu unafika pafupi nafe, pa bwalo la Rufaro ku Harare, popeza Makeba ndi Masekela sakanatha kuponda kwawo. Akuda ndi azungu anadzaza bwalolo, ena atawoloka Limpopo kuchokera ku Joni komweko. Zimene chimbale sichinanene zinanenedwa pa nsanja tsiku limenelo. Masekela anaimba nyimbo yofuna kuti a Mandela atulutsidwe, naimbanso Stimela, nyimbo ya sitima yonyamula amuna opita ku migodi, imene imatchula Malawi pakati pa maiko kumene amunawo ankachokera. Makeba anaimba za ana amene anaphedwa ku Soweto mu 1976. Pomaliza onse anaimba Nkosi Sikelel' iAfrika. Zoimbazi zinajambulidwa pa kanema, ndipo amene mungathe muzifufuze, muone nkhope za anthuwo.

Apartheid itayamba kugwa, mkangano sunazime msanga. Mu Januwale 1992, chiletso chitachotsedwa, Simon anakaimba ku Johannesburg a ANC ndi a Mandela atavomereza. Koma achinyamata a chipani cha AZAPO anati nthawi sinakwane, ndipo ofesi ya kampani ina yokhudzidwa ndi zoimbazo inaponyedwa mabomba a m'manja. Ku bwalo la Ellis Park kunabwera anthu ochepa kuposa amene ankayembekezeka, ambiri a iwo azungu. Mu 2012 kunatuluka filimu yotchedwa Under African Skies, m'mene Simon ndi Dali Tambo anakhala pansi maso ndi maso patapita zaka 25. Aliyense anafotokoza mbali yake mwaulemu, koma palibe amene anasiya mfundo yake.

Kwa omvera a lero, amene ambiri anabadwa a Mandela atatuluka kale, funso la chiletso lazirala. Latsala ndi lina, ndipo kwa ife olemba ndi limene liyenera kutiluma kwambiri: nyimbo ndi ya yani? Simon ankagwira ntchito motere. Oimba ankayamba kuimba momasuka m'situdiyo, iye ndi Halee n'kumajambula. Kenako ankapita ndi matepiwo ku New York, kuwadula, kuwalumikiza, n'kuikapo mawu ndi kaimbidwe kake. Ndiye wolemba nyimbo ndi uti pamenepa, woika mawu kapena amene anayala mphasa yoti mawuwo akhalepo? Kunena zoona, Simon sanabise onse. Maina a Shabalala, Motloheloa ndi Shirinda alipo ngati olemba anzake pa nyimbo zimene anathandiza. Ladysmith Black Mambazo inapindula koposa, chifukwa Simon anaijambulira chimbale cha Shaka Zulu chimene chinapata Grammy mu 1988, ndipo kuyambira pamenepo yayenda dziko lonse. Shabalala ankamulankhulira zabwino zokhazokha. Koma a bandi ya Los Lobos a ku Los Angeles, amene anaimba nyimbo yomaliza m'chimbalemo, akhala akunena kuti nyimboyo inali yawo ndipo dzina lawo silinalembedwe ngati olemba, zimene Simon anakana. Ray Phiri, yemwe uja anamuteteza pamaso pa ANC, nayenso pambuyo pake anadandaula poyera kuti thukuta lake silinawerengedwe mokwanira. Iye analembedwa ngati woimba gitala ndi wothandiza kukonza kaimbidwe ka nyimbo zina basi, ndipo mukudziwa kuti ndalama zimene zimabwera chaka ndi chaka zimatsata dzina la wolemba.

Ine chimbalechi ndimachikonda, sindibisa, ndipo sindikhulupirira kuti chinatalikitsa moyo wa apartheid ndi tsiku limodzi lomwe. Koma za Phiri zimandikhalabe pamtima. Anamwalira mu Julayi 2017 ku Nelspruit komwe anabadwira. Mukachipeza chimbalechi, pitani pa nyimbo yachiwiri, ya Graceland ija, mumvetsere gitala imene ikuyendetsa nyimboyo kuyambira poyamba mpaka pothera. Zalazo ndi za Chikapa. Kenako muyang'ane pa mzere wa wolemba nyimboyo, mupezapo dzina limodzi lokha.