45,000 Volts: Cimbale ca Ngozi Family Cimene Ana a ku Kafue Anakula Naco

45,000 Volts ndi cimbale ca nyimbo cimene gulu loimba la Ngozi Family linatulutsa m'caka ca 1977, motsogoleredwa ndi malemu a Paul Ngozi. Cimawerengedwa pakati pa zimbale zikuluzikulu za Zamrock, mtundu wa nyimbo za magitala a magetsi umene unabuka m'Zambia m'zaka za m'ma 1970. Amene anali ku sukulu ya pulaimale pamene cimbaleci cinatuluka, lero ndi anthu a zaka zopitirira 55, ndipo ambiri ali ndi adzukulu. M'tauni ya mafakitale monga Kafue, anthu a msinkhu umenewu amazikumbukira bwino nyimbo za a Ngozi, ngakhale kuti ndi ocepa amene anacigwirapo cimbaleco m'manja. Anazimvera pa wailesi ya atate awo, pa zenera la nyumba ya anansi, kapena ataimirira kunja kwa tavani kumene ana sanali kuloledwa kulowa.

A Paul Ngozi ndi gulu lawo

Dzina lawo lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndipo anakulira m'makomboni a mu Lusaka. Dzina lakuti Ngozi linabwera cifukwa ca maimbidwe awo pa nsanja, pakuti gitala ikakhala m'manja mwawo anthu anali kuona ngati cinacake cithyoka. Asanakhazikitse gulu lawolawo, anaimbako m'gulu la Musi-O-Tunya, limene a Rikki Ililonga anachuka nalo, pa nthawi imene gululo linali kugwirira nchito ku Nairobi m'dziko la Kenya.

Cimbale coyamba cimene cinamveketsa dzina la Ngozi Family ndi Day of Judgement ca mu 1976. Caka cotsatira ndi pamene panatuluka 45,000 Volts, cimene cinajambulidwa ku Nairobi. Oimba anali atatu cabe: a Paul Ngozi pa gitala ndi pa mawu, a Tommy Mwale pa gitala ya besi, ndi a Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma. A Tembo nawonso anali ndi cimbale cawo cochedwa My Ancestors, m'mene gitala ya a Ngozi imamveka.

Oimba a Zamrock anatengera zambiri kwa Jimi Hendrix ndi magulu a ku Britain monga Black Sabbath ndi Deep Purple. Gitala inali kudutsa m'kacipangizo kopondedwa ndi phazi kamene kamasandutsa mawu ake kukhala okhakhala, olira ngati cinsalu cong'ambika. Koma magulu ambiri ochuka, monga WITCH ndi Amanaz, anali a ku Copperbelt, ndipo nyimbo zawo zambiri zinali m'Cingelezi. A Ngozi anali mwana wa mu Lusaka, ndipo pambali pa Cingelezi anali kuimba m'Cinyanja ca m'tauni. Apa ndi pamene panagona mphamvu yawo pa ana a m'makomboni.

Zimene zili m'cimbaleci

Nyimbo yodziwika kwambiri ndi "Nizakupanga Ngozi". Mutu wake wokha ukuonetsa cilankhulo cake: mphunzitsi wa Cinyanja m'kalasi akanalemba "ndidza-", koma mwana wa mu Lusaka kapena wa ku Kafue amanena "niza-". Nyimboyi ndi cenjezo kwa mlendo wa pakamwa, amene amalowa m'nyumba ya mwini wake wopanda ulemu ndi kucokamo ndi miseche. Ndi nkhani imene aliyense wokhala m'nyumba zoyandikana, momwe khoma limodzi limalekanitsa mabanja awiri, anali kuidziwa. Palinso "Hold On" ndi "House of Fear" za m'Cingelezi, "Atate" ya m'Cinyanja, ndi nyimbo ina yomvera cisoni anthu a ku Zimbabwe amene panthawiyo anali kumenyera ufulu wawo.

Kunena zoona, si cimbale cosalala. Ng'oma zimamveka zouma, gitala nthawi zina imaphimba mawu a woimba, ndipo Cingelezi cake si ca m'buku. Anthu ozolowera nyimbo zokonzedwa pa kompyuta angaone ngati nchito yake inathamangiridwa. Komabe ndi kukhakhala komweko kumene kumacititsa kuti munthu amene anaimva kamodzi ali ndi zaka 9 aizindikire pa kamphindi kocepa atakalamba.

Kafue wa 1977

Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, pa msewu waukulu ndi pa njanji yopita ku Livingstone. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la a Kenneth Kaunda linasankha malowa kuti akhale tauni ya mafakitale kudzera m'bungwe la Indeco. Fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia inamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito mu 1970. Panalinso fakitale yofufuta zikopa ya Bata ndi ina yopanga yisiti. Anchito anapatsidwa nyumba ku Kafue Estates, pamene ena anakhala m'makomboni monga Zambia Compound.

Anthuwa anacokera kumadera onse: Atonga a kum'mwera, Asoli ndi Alenje a pafupi, Alozi a kumadzulo, Abemba a kumpoto, Acewa, Ansenga, Angoni ndi Atumbuka a kum'mawa. M'nyumba aliyense anali kulankhula cakwawo, koma ana akatuluka panja kukasewera mpira wa mapepala, cilankhulo cinali cimodzi, Cinyanja ca m'tauni. Motero pamene mawu a a Ngozi anamveka pa wailesi, anawo anamva munthu wamkulu akuimba m'cilankhulo ca pa bwalo lawo, cimene ku sukulu cinali kuwerengedwa ngati colakwika.

Dzina la cimbale nalonso silinali lacilendo ku Kafue. Kum'mawa kwa tauniyi kuli malo opangira magetsi a Kafue Gorge, amene anayamba kupereka moto kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo damu la Itezhi-Tezhi losungira madzi ake linatha kumangidwa mu 1977, caka comwe cimbaleci cinatuluka. Ana anakula akuona nthambo zikuluzikulu za magetsi zikudutsa m'chire, ndi zikwangwani zocenjeza za ngozi pa mipanda yake. Magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230. Mwana wa giredi 5 anali kutha kuwerengera yekha kuti 45,000 ndi moto wosayandikirika.

Cimbale ceniceni cinali katundu wa akuluakulu. Cinali mbale yakuda ya pulasitiki yozungulira maulendo 33 pa mphindi imodzi, yosiyana ndi timbale ting'onoting'ono ta nyimbo imodzi mbali iliyonse tozungulira maulendo 45. M'nyumba za anchito olandira bwino munali galamafoni yophatikiza ndi wailesi, zambiri za dzina la Supersonic zopangidwa ku Livingstone, ndipo inali kukhala m'cipinda cocezera itaphimbidwa ndi kansalu koluka. Mwana sanali kuloledwa kukhudza singano yake. Nchito yake inali kupukuta fumbi, kapena kutumidwa kukabwereka cimbale kwa anansi ndi cenjezo lakuti asaciike pa dzuwa, pakuti cikapindika ndiye kuti catha. Mabanja ambiri analibe galamafoni konse. Anali kudalira wailesi ya mabatire, ndipo mabatire akafooka anali kuyanikidwa pa denga kuti apezeko kamphamvu.

Wailesi ndiyo inafikitsa nyimbozi kwa onse. Pakati pa zaka za m'ma 1970, a Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa Zambia Broadcasting Services zikhale za m'dziko muno. Ciwerengero cochulidwa kawirikawiri ndi 95 peresenti. Panthawiyo kunalibe wailesi ina m'dziko kupatula ya boma, yokhala ndi Home Service ya zilankhulo zathu ndi General Service ya Cingelezi. Cimene cinaulutsidwa kumeneko cinamveka nthawi imodzi ku Chipata, ku Mongu ndi ku Kafue. Lamuloli linapatsa nchito makampani a nyimbo monga Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo ndi Teal Record Company, imene inali ndi makina odindira zimbale ku Ndola. Dzina lakuti Zamrock limanenedwa kuti linacokera kwa muulutsi wa pa wailesi yomweyo, malemu Dr Mannasseh Phiri.

Ndipo ana anacita zimene ana amacita. Cigubu ca mafuta ophikira, thabwa ndi nthambo zosomola ku mabuleki a njinga zinali kusanduka banjo. Zitini ndi mapulasitiki zinali kusanduka ng'oma. Kukhakhala kwa gitala ya magetsi kunalibe cipangizo coyerekezera, comweco woimba banjo anali kukupanga ndi pakamwa.

Moto wa pa cimbale, mdima wa m'misewu

Amene amakumbukira zaka zimenezo ngati nthawi yokoma yokhayokha amakumbukira ndi maso a mwana. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo kumapeto kwa zaka khumi zimenezo mizere ya ufa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira inakhala mbali ya moyo. Kawirikawiri oimirira pa mizereyo anali ana omwewo.

Nkhondo ya ku Rhodesia nayonso inali pafupi. Malire anatsekedwa mu January 1973, ndipo Zambia inali kusunga omenyera ufulu a ZAPU ya a Joshua Nkomo. Msewu wopita ku Chirundu, kumalire, umapatukira pafupi ndi mlatho wa Kafue, motero kwa anthu a kuno nyimbo yolirira anthu a ku Zimbabwe sinali nkhani ya kutali. Mu October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, ndipo mu 1979 asilikali awo anagwetsa milatho ingapo m'dziko muno. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa nyali m'matauni. Kwa magulu oimba, amene cakudya cawo cinali kucokera m'mahotela ndi m'maholo usiku, ici cinali cilango cacikulu. Ena anayesa kuimba masana, ena analeka.

M'mene cimbale cinasowera

M'zaka za m'ma 1980 zokonda za anthu zinasintha. Acinyamata anatembenukira ku disko, rumba ya ku Zaire inadzaza mabawa, ndipo kalindula ya magulu monga Amayenge, Masasu ndi Serenje Kalindula, pamodzi ndi a P.K. Chishala, inatenga malo pa wailesi. Makaseti ojambulidwa mwakuba anapha malonda a zimbale, ndipo m'kupita kwa nthawi makina a ku Ndola analeka kudinda. Matenda a AIDS anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ali ndi zaka 40.

Tauni imene inamvera nyimbo zawo inatsatira njira yofanana. Boma la MMD litalowa mu 1991, makampani a boma anayamba kugulitsidwa kapena kusiyidwa kuti adziimire okha. Kafue Textiles inafooka mpaka kutsekedwa m'zaka za m'ma 2000, ndipo Nitrogen Chemicals inatsala ikugwira nchito pang'ono poyerekeza ndi kale. Mabanja ambiri anasamuka, ena kubwerera kumudzi, ena kupita ku Lusaka. Pa msamuko wotere munthu amanyamula mapoto ndi matiresi; bokosi la zimbale zopanda galamafoni yoziimbira limatsala. Zina ana anaziponya m'mwamba ngati zoseweretsa, zina zinapacikidwa pa khoma ngati zokongoletsa. Nyimbo zinatsala m'mitu ya anthu, mbale zake zitapita.

Kubwerera kudzera kunja

Amene anayamba kufunafuna zimbale zotsalazo anali osonkhanitsa nyimbo zakale a ku Ulaya ndi ku America. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya a Eothen Alapatt, inadindanso Day of Judgement mu 2014, ndipo mu 2017 inatulutsa zimbale ziwiri zosonkhanitsa nyimbo za magulu osiyanasiyana zochedwa Welcome to Zamrock!, mothandizana ndi mlembi wa mbiri ya nyimbo za m'Zambia, a Leonard Koloko. Pambuyo pake 45,000 Volts naco cinadindidwanso. Mu 2019 panatuluka filimu yofotokoza mbiri ya gulu la WITCH ndi woimba wake a Emmanuel "Jagari" Chanda, mmodzi wa ocepa otsala a m'badwo umenewo, ndipo mu 2022 Sampa the Great analemekeza Zamrock m'nyimbo yake "Never Forget".

Cacikulu cinacitika mu October 2024, pamene woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca "Nizakupanga Ngozi" ndi kuciika m'nyimbo yake "Noid". Cimbale cake, Chromakopia, cinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard 200 ku United States. Mawu a a Ngozi, m'Cinyanja ca m'makomboni a mu Lusaka, anamveka kwa anthu mamiliyoni amene sadziwa tanthauzo lake, patapita zaka 47 cijambulireni ndi zaka 35 mwini wake atamwalira. Acinyamata ambiri a m'Zambia anaimva koyamba pa foni kudzera mwa woimba wa ku America ameneyu, ndipo anali makolo ndi agogo awo amene anawauza kuti mawuwo ndi a yani.

Nkhani ya malipiro a oimba akale ndi mabanja awo imayendetsedwa ndi lamulo la umwini wa nyimbo la mu 1994, limene linabwera zaka 5 a Ngozi atamwalira, ndi bungwe la ZAMCOPS losonkhanitsa ndalama za oimba. Cimbale ca 45,000 Volts cimapezeka pa intaneti kwa aliyense amene ali ndi foni ndi mabandulo, koma makope oyambirira a mu 1977 ndi osowa kwambiri, ndipo amagulidwa pa mtengo wokwera ndi osonkhanitsa a kunja. Mu Lusaka, dzina la woimbayu linapatsidwa ku msewu wa ku Kabwata wochedwa Paul Ngozi Road.