Mabotolo Osweka a ku Detroit: Mbiri ya Zimbale za Pansanja za Nyimbo za Punk

Kuyambira m'chaka cha 1877, pamene Thomas Edison adapanga makina osunga mawu a munthu, eni makampani a zimbale adakhala zaka zambiri akukhulupirira kuti nyimbo yoyenera kugulitsidwa ndi yojambulidwa m'chipinda chotsekedwa, mosamveka chifuwa cha munthu ngakhale kukwekwesa kwa mpando, kotero kuti zimene khamu linkamva pabwalo zinkatha usiku womwewo. Zoimba za Benny Goodman za mu 1938 ku Carnegie Hall zidagona m'nyumba kufikira 1950 zisanatulutsidwe, ndipo James Brown, pofuna kujambula zoimba zake za pa 24 October 1962 ku Apollo Theater, adachita kutapa m'thumba mwake, popeza Syd Nathan, mwini kampani ya King Records, sadaone phindu lake. Awa komabe adali akatswiri pa tsiku la ulemerero wawo, ndipo zimene makina adasunga ndi chimwemwe cha anthu okhutira. Kuti munthu ajambule usiku wa manyazi, oimba ndi omvera atadana maso ndi maso, nauika pa chimbale kuti anthu agule, zimenezo zidayembekeza ana a ku Michigan.

Ambiri akafunsidwa kumene nyimbo za punk zidabadwira amatchula London wa mu 1976 ndi gulu la Sex Pistols, ena amatchula kalabu ya CBGB ku New York kumene a Ramones adayambira mu 1974; koma ine ndikuti onsewa adakolola m'munda umene adalima ndi ena, ndipo mundawo udali Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto, pamodzi ndi tauni ya Ann Arbor imene ili chakumadzulo kwake. Mu July 1967 mzindawo udayaka ndi zipolowe zimene zidapha anthu 43, ndipo achinyamata amene adakulira m'phokoso la zitsulo ndi utsi umenewo sakadaimba mofatsa za maluwa monga anzawo a ku San Francisco. Gulu la MC5 lidachita chinthu chachilendo pamene chimbale chake choyamba, Kick Out the Jams, lidachijambulira pansanja ya Grande Ballroom pa 30 ndi 31 October 1968, osati m'situdiyo. Ndipo Danny Fields, amene adawapezera mwayi ku kampani ya Elektra, adatengera komweko kagulu kena ka anyamata anayi kotchedwa The Stooges: James Osterberg, amene dziko limamudziwa ndi dzina lakuti Iggy Pop, abale awiri Ron ndi Scott Asheton pa gitala ndi ng'oma, ndi Dave Alexander pa besi.

Akuluakulu adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Zimbale zawo zitatu, cha 1969, Fun House cha 1970 ndi Raw Power cha 1973 chimene David Bowie adathandiza kukonza, sizidagulidwe. Mankhwala ozunguza bongo adalowa pakati pawo. Elektra idawataya, ndipo Columbia nayo idatopa nawo. Pofika kuchiyambi kwa 1974 adali kuyendayenda m'mabala, James Williamson ali pa gitala, Ron Asheton atatsitsidwira pa besi, Scott Thurston ali pa piyano, akuimbira anthu amene ambiri mwa iwo sadabwere kudzamva nyimbo koma kudzaona munthu akudzivulaza. Monga mwa nkhani imene Iggy mwini wake wakhala akusimba, masiku ochepa tsiku lomaliza la gululo lisanafike adakangana ndi mmodzi wa anyamata a njinga zamoto pamalo otchedwa Rock 'n' Roll Farm ku Wayne, namenyedwa, ndipo m'malo mobisala adapita pa wailesi ya WABX kukaitana gulu lonse la anyamatawo kuti libwere ku Michigan Palace pa 9 February 1974.

Zimene zidachitika usiku umenewo tikuzidziwa chifukwa munthu wina wokonda gululo adatchera makina a tepi, ndipo palibe katswiri wa situdiyo amene akadalola kuti zotere zituluke m'manja mwake. Mawu ake ndi olimba m'khutu, zida zina zimamira, zina zimabuula. Koma pakati pa nyimbo ndi nyimbo pamamveka mazira, madzi oundana ndi mabotolo a mowa zikugwa pansanja, pamamvekanso woimbayo, amene akadayenera kuthawa kapena kupepesa, akuwerengera khamulo zimene laponya, akulinyoza, akulithokoza mwachipongwe, nalifunsa ngati latsala ndi zina. Potsiriza adasiya nyimbo zawo nayamba Louie Louie, nyimbo imene a Kingsmen adatchukitsa mu 1963, imene mwana aliyense wophunzira gitala ku America amayambira, koma Iggy adaiveka mawu otukwana a iye mwini. Ndipo pali chinthu chokhudza mtima pamenepa kwa iye wodziwa kuti Don Gallucci, amene adaliza limba m'nyimbo ya a Kingsmen ija ali mnyamata, ndiye adatsogolera kujambula kwa Fun House. Gululo lidatha usiku womwewo. Nyumba imene adaimbiramo, yomangidwa mu 1926 pamalo pamene Henry Ford adapangira galimoto yake yoyamba, patapita zaka zochepa idasandutsidwa moimika magalimoto.

Tsono ulemu wa chimbale chochokera m'tepi imeneyi, chotchedwa Metallic K.O., ndiupereka kwa yani? Kwa Iggy ndithu, koma sikuti kwa iye yekha, pakuti gululo litatha iye adali wosweka kotero kuti adakagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo ku Los Angeles, ndipo makampani a kwawo sadafune kumva dzina lake. Mneneri adakanidwa m'mudzi mwake, nalandiridwa kwa alendo. Marc Zermati, mwini sitolo ya zimbale ku Paris ndi kakampani kakang'ono ka Skydog, ndiye adalandira matepiwo kuchokera kwa Williamson, naphatikiza nyimbo zitatu za pa 6 October 1973 m'nyumba yomweyo ndi zitatu za usiku womaliza, nazitulutsa mu 1976, chaka chimene adakonzanso chikondwerero cha punk ku Mont-de-Marsan. Chimbalecho chidaoloka nyanja kupita ku London pa nthawi yeniyeni imene achinyamata a kumeneko adali kufunafuna chitsanzo, ndipo chidawaphunzitsa kuti woimba sayenera kukondedwa ndi omvera ake kuti akhale woona, ndi kuti kulakwitsa chingwe cha gitala si tchimo. A The Damned adaimba nyimbo ya a Stooges pa chimbale chawo choyamba mu 1977, ndipo a Sex Pistols adatseka moyo wa gulu lawo ndi No Fun ku Winterland, San Francisco, pa 14 January 1978. Amene amati Malcolm McLaren, woyang'anira gulu la Sex Pistols, ndiye adalenga punk aweruza mlandu asanamve mboni zonse. Iye adali wochenjera pa malonda, koma Zermati, amene dzina lake silitchulidwa kawirikawiri, adakhulupirira tepi imene wina aliyense akadaitaya.

Zotsatira zake zidabwera mofulumira: zimbale za ku kalabu ya Roxy ku London mu 1977, It's Alive cha a Ramones chojambulidwa ku Rainbow Theatre pa 31 December 1977, ndi za Johnny Thunders ndi a Heartbreakers. Cha a Ramones nchokoma ndithu, nyimbo 28 zothamanga popanda kupuma, koma ndi cha anthu amene apambana kale pamaso pa khamu lowakonda, ndipo chifukwa cha chimenecho sindichiika pa mpando umodzi ndi cha ku Detroit.

Pali tepi inanso imene idachedwa koposa, ndipo iyi idabwera kudzaweruza mlandu wa munthu wakufa. Pa 8 August 1970 a Stooges adaimba pa chikondwerero cha Goose Lake ku Michigan, pamaso pa anthu pafupifupi 200,000, ndipo kwa zaka makumi asanu nkhani imene inkasimbidwa idali yakuti Dave Alexander adakwera pansanja ataledzera kotero kuti adangoima ngati chitsa, osakhudza chingwe nchimodzi chomwe. Iggy adamuchotsa ntchito zoimbazo zitangotha. Alexander adamwalira mu February 1975 ali ndi zaka 27, osaimbanso m'gululo, ndipo manyazi a Goose Lake adakhala ngati chizindikiro cha pamanda pake. Koma mlandu suola. M'chipinda chapansi cha nyumba ina ya kumunda ku Michigan mudapezeka tepi imene katswiri woyendetsa zokuzira mawu adajambula tsikulo, ndipo kampani ya Third Man Records, ya Jack White, mwana wa ku Detroit yemwe, idaikonza nkuitulutsa mu August 2020. Pamenepo aliyense wa makutu adadzimvera yekha kuti gululo lidaimba nyimbo zonse zisanu ndi ziwiri za Fun House, Steve Mackay ali pa saxophone, ndi kuti Alexander, ngakhale adapunthwa pa nyimbo yoyamba, adadzuka, nagwira besi yake kufikira kumapeto. Pa nyimbo yotchedwa Dirt, imene yonse imatsamira pa besiyo, ndiye wasenza anzake.

Sindikufuna kumuyesa Iggy wabodza, pakuti munthu amene ali pamaso pa khamu lotere, mutu wake womwe utasokonezeka ndi zimene adamwa, akatembenuka pa mphindi yoipa naona mnzake atasochera, mphindi imeneyo imameza zina zonse m'chikumbumtima chake. Chimene ndikudandaula nchakuti olemba mbiri adaibwereza nkhaniyo m'buku ndi m'buku popanda woifunsa, ndi kuti pamene tepi idalankhula, amene akadakondwera kwambiri adali atapita: Ron Asheton adamwalira mu 2009, chaka chimodzi gululo lisanalandiridwe ku Rock and Roll Hall of Fame, Scott mu 2014, ndi Mackay mu 2015. Mwa asanu amene adaima pansanja ya Goose Lake, adatsala kuti aimve ndi Iggy yekha, amene adamuchotsa ntchito.