NAS: kabati ya mafayilo ya ofesi yonse, ndi momwe mungayiyikire

M'maofesi ambiri m'tauni muno mafayilo akuyendabe pa fulashi. Fulashi ija ikasowa kapena ikalowa vayirasi, ntchito ya chaka chonse yapita basi. Lero ndikufotokozereni za NAS, makamaka inu amene abwana amakuitanani kompyuta ikangovuta.

NAS ndi chiyani?

Ndi chidule cha Network Attached Storage. Ndi kabokosi kokhala ndi ma hard disk angapo, kolumikizidwa ku netiweki ya ofesi, ndipo aliyense wololedwa amatsegula mafayilo ali pa desiki pake. Makina odziwika ndi a Synology ndi QNAP, makampani a ku Taiwan. Ngati ndalama zavuta, pulogalamu yaulere ya TrueNAS imasandutsa kompyuta wamba kukhala NAS. Makompyuta a Windows amalankhula nayo kudzera mu SMB, pomwe a Linux amakonda NFS, yomwe kampani ya Sun Microsystems idapanga mu 1984.

Ma disiki ndi RAID

Gulani ma disiki opangidwira kuyaka usana ndi usiku, monga WD Red kapena Seagate IronWolf. Kenako sankhani RAID, yomwe ndi njira yogawira mafayilo pa ma disikiwo:

RAID 1: ma disiki 2, imodzi imakopera inzake. Awiri a 4TB amakupatsani 4TB.
RAID 5: ma disiki osachepera 3, imapirira imodzi ikafa. Anayi a 4TB amapereka 12TB.
RAID 6: osachepera 4, imapirira awiri akafa. Anayi omwewo amapereka 8TB.

Kayikidwe kake

1. Lumikizani NAS ku switch ya gigabit ndi waya wa Cat6, osati Wi-Fi.
2. Ipatseni IP yosasintha kuti makompyuta asamayisowe.
3. Tsekani akaunti ya admin yobwera nayo, mupange yanu ya pasiwedi yolimba.
4. Pangani mafoda molingana ndi madipatimenti.
5. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, ndipo chilolezo chiziperekedwa ku gulu. Foda ya malipiro itsegulidwe ndi aku akaunti okha. Zogawana pasiwedi imodzi ofesi yonse, ayi ndithu.
6. Yatsani ma snapshot, kuti fayilo yofufutidwa mwangozi ibwezedwe.

Magetsi

Tonse tikudziwa momwe magetsi amathimira kuno. Akathima disiki ili mkati molemba, fayilo itha kuwonongeka. Choncho UPS si ya manyado. Ilumikizeni ku NAS ndi waya wa USB kuti batire likamatha, makinawo azizima okha bwinobwino.

Chitetezo

Zimitsani SMB1, mtundu wakale wa SMB. Mu May 2017 vayirasi ya WannaCry idadutsira pomwepo n'kutseka mafayilo m'mayiko ambiri, mpaka zipatala za NHS ku Britain zidasokonekera. Port 445 musayitsegulire ku intaneti. Wofuna kugwira ntchito ali kunyumba alowe kudzera pa VPN. Ma update akabwera, musawanyalanyaze.

RAID si backup

Apa ndi pomwe ndimakakamira kwambiri. RAID imakutetezani disiki ikafa, basi. Wina akafufuta foda, vayirasi ikatseka mafayilo, akuba akanyamula bokosi kapena ofesi ikapsa, ma disiki onse amapita limodzi. Tsatirani lamulo la 3-2-1: makope 3 a mafayilo, pa zosungira za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale kunja kwa ofesi, kaya pa cloud kapena pa disiki yosungidwa kwina.

Langizo langa lomaliza: kamodzi pa mwezi, sankhani fayilo imodzi muyese kuibweza kuchokera ku backup. Ikatseguka, muli bwino. Ikakana, konzani tsiku lomwelo, mafayilo enieni akadalipo.